Momwe mungalembere ana buku la imfa za anthu otchuka

Buku la kusukulu limangoti "anamwalira mu 1873", nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwana wa zaka 10 kapena 12 amafuna kudziwa kuti munthuyo anafa bwanji. Mukamuyankha bwino, adzakonda mbiri yakale popanda womukakamiza.

Choyamba, sankhani anthu ochepa, mwina khumi, amene imfa zawo n'zosiyana. Julius Caesar, wolamulira wa ku Roma, anabayidwa malo 23 pa 15 Marichi mu 44 BC. Shaka, mfumu ya Azulu, anaphedwa mu 1828 ndi abale ake Dingane ndi Mhlangana. Marie Curie, katswiri wa sayansi, anamwalira mu 1934 ndi matenda a m'magazi atagwira ntchito zaka zambiri ndi radium (chitsulo chotulutsa cheza choopsa), ndipo makope ake amasungidwabe m'mabokosi a mtovu ku Paris chifukwa akadali oopsa kuwagwira.

Kenako, mutu uliwonse uyambe ndi ndime imodzi kapena ziwiri za moyo wa munthuyo. Mwana sangamve chisoni ndi munthu amene sakumudziwa.

Chachitatu, ndipo apa mpamene pagona buku lonse, fufuzani zimene madokotala anachita. George Washington, pulezidenti woyamba wa America, anadwala pakhosi mu Disembala 1799. Madokotala a nthawiyo ankakhulupirira kuti kukhetsa magazi kumachiza, choncho anamutulutsa magazi ambiri akudwala kale, ndipo anamwalira pa 14 Disembala. James Garfield, pulezidenti wina wa America, anawomberedwa pa siteshoni ya sitima pa 2 Julaye 1881. Madokotala ankapisa zala zosasamba m'bala kufunafuna chipolopolo, balalo linachita mafinya, ndipo anamwalira pa 19 Seputembala. Chomvetsa chisoni n'chakuti Joseph Lister, dokotala wa ku Britain, anali ataphunzitsa kale za kupha tizilombo pamabala, koma iwo sanalabadire. Mwana akawerenga zimenezi amamvetsa chifukwa chake namwino amavala magolovesi.

Chachinayi, siyanitsani zotsimikizika ndi zongomveka. Napoleon, amene anali mfumu ya ku France, anamwalira pa chilumba cha St Helena pa 5 Meyi 1821. Amene anamupima anapeza matenda aakulu m'mimba, ndipo akatswiri ambiri amati inali khansa. Nkhani yoti anamuthira chiphe itchuleni ngati maganizo a ena chabe. Musapekenso mawu omaliza a womwalira, ngakhale nkhani ingakome nawo, chifukwa ana amakhulupirira chilichonse cholembedwa.

Chachisanu, musaiwale amene anasamalira maliro. David Livingstone anamwalira mu 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, ku Zambia wa lero, atafooka ndi malungo ndi kamwazi. Anthu amene ankayenda naye, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu. Thupi analipaka mchere, n'kuliumitsa padzuwa, n'kulikulunga m'nsalu ndi makungwa. Anasenza mtembowo ulendo wa miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo, ku Tanzania wa lero, m'mbali mwa nyanja ya mchere, ndipo unakaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London mu 1874. Chuma anali Myao amene anawomboledwa ku ukapolo ali mnyamata. Kwa ine, anthu ngati amenewa akuyenera tsamba lathunthu.

Za magazi ndi mabala nenani zoona mwachidule, mopanda nthabwala. Izi n'zofunika kwambiri polemba za John Chilembwe, amene anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 n'kuikidwa m'manda mwachinsinsi, chifukwa imfa yake imawawabe anthu ambiri.

Mukamaliza mutu, uwerengereni ana awiri kapena atatu mokweza. Chongani pamene ayamba kuyang'ana kumbali, mudulepo. Lembaninso mafunso amene afunsa, ndipo mayankho ake muwaike m'kabokosi kumapeto kwa mutuwo, pamodzi ndi chaka chobadwa ndi chomwalira cha munthuyo.