Momwe mungasankhire pulogalamu yolembera yosakusokonezani

Mwakhala pansi kuti mulembe lipoti la kuntchito. Mwangolemba mizere iwiri, foni yalira: gulu la banki m'khonde likufunsa amene sanabweze ngongole, la kumpingo likusonkhetsa za chikwati. Pomwe mukubwerera ku lipoti, dzuwa lapendeka kale. Mapulogalamu olembera opanda zosokoneza anapangidwira vuto lomweli. Amabisa mabatani onse n'kukusiyirani tsamba loyera ndi mawu anu basi. Koma si onse omwe angapirire moyo wa muno mu Lilongwe, ndiye sankhani motere.

1. Yambani ndi chida chomwe muli nacho

Ngati muli ndi laputopu ya Windows kapena Linux, yesani FocusWriter. Ndi yaulere, imadzaza sikirini yonse, ndipo mamenyu ake amaoneka pokhapokha mukafikitsa mausi m'mphepete. Mungathenso kuiuza kuti tsiku lililonse mukufuna mawu 500 kapena mphindi 30, iyo n'kumakuwerengerani. Pa foni ya Android pali Markor, yaulerenso komanso yopepuka. Obsidian imagwira pa foni ndi pa kompyuta pomwe, koma ili ndi zambiri zoti munthu n'kumaseweretsa, moti ine ndinatha nayo madzulo awiri ndikusintha mitundu osalemba kanthu. Ulysses iiwaleni ngati mulibe iPhone, iPad kapena Mac.

Mwina simukufunikanso chatsopano. Word ya masiku ano ili ndi Focus pansi pa View, ndipo mu LibreOffice Writer mukadina Ctrl+Shift+J zonse zimabisala.

2. Zimitsani deta, muone ngati ikugwirabe

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse idzakusiyani panjira tsiku lomwe bandulo yatha pakati pa ndime, kapena netiweki ikuvuta muli mu minibasi yochokera ku Area 25. Choipa china n'chakuti deta ikakhala yoyatsa, WhatsApp ndi Facebook nazo zili maso. Choncho mukangoiika pulogalamuyo, zimitsani deta ndi Wi-Fi, tsegulani tsamba latsopano, lembani. Ikakana, ichotseni. Google Docs imatheka popanda intaneti, koma muyenera kuikonzeratu netiweki ikadalipo, osati magetsi atathima kale ndipo rauta yagona.

3. Iyeseni ngati imasunga yokha

Malaputopu ambiri ogula pa kaunjika batire yake ndi yotha. Magetsi akathima nayo imathima pompo. Musadikire tsiku limenelo. Lembani mizere itatu yopanda ntchito, dikirani kamphindi, tsekani pulogalamuyo osadina Save, kenako tsegulaninso. Mizere ija ikapezeka, ndiye kuti zili bwino. Obsidian imasunga mukamalemba. M'mapulogalamu ena pitani ku Settings mukaone ngati pali poyatsira autosave.

4. Onani momwe zolemba zanu zidzatulukire

Markor ndi Obsidian zimasunga mafayilo a .md, omwe ndi mawu wamba otseguka ngakhale ndi Notepad. Zimenezo n'zabwino, chifukwa pulogalamu ikadzafa zolemba zanu sizifa nayo. Koma mnyamata wa pamalo osindikizira ku Old Town mukamupatsa fulashi yokhala ndi .md adzangokuyang'anani, iye akufuna Word kapena PDF. FocusWriter imasunga mu .docx ndi .odt, ndipo Obsidian ya pakompyuta imatulutsa PDF. Yesani izi tsiku lopereka ntchito lisanafike.

5. Ngati mumalemba Chichewa, thimitsani zokonza masipelo

Palibe chosokoneza ngati tsamba lodzaza timizere tofiira pansi pa liwu lililonse. Mapulogalamuwa amaganiza kuti mukulakwitsa Chingerezi. Thimitsani spell check. Pa foni vuto limakhala kiyibodi, yomwe imasandutsa "ndine" kukhala "nine" inu musakuona. Pa Gboard, kiyibodi ya Google, pitani ku Settings muchotse Auto-correction.

6. Musathamangire kulipira

iA Writer ndi yokongola ndithu, imazimiriritsa ziganizo zina zonse n'kusiya chomwe mukulembacho chikuwala. Koma ndi yogula, mtengo wake uli m'madola, ndipo pamafunika khadi la ku banki. Ulysses ndiye mumalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Lembani kaye sabata yathunthu ndi yaulere. Mukaona chenicheni chomwe chikukusowani, pamenepo ndiye mutulutse ndalama.

Mukasankha, lekani kufufuza ina. Mawa m'mawa, ana asanadzuke, ikani foni pa Do Not Disturb, kapena muitseke mu dirowa ngati mukulembera pa laputopu. Tchani mphindi 25, mulembe mpaka alamu italira. A banki m'khonde mudzawayankha tiyi akawira.