Kuimika galimoto pa koleji popanda kulipitsidwa chindapusa

Musadikire kuti makalasi ayambe. Pitani msanga ku ofesi yoona za malo oimikapo magalimoto, chifukwa zilolezo za malo apafupi ndi makalasi zimatha mofulumira. Tengani chiphaso chanu cha sukulu, laisensi, ndi mapepala a galimotoyo. Kawirikawiri chilolezo chimalembedwa pa nambala ya galimoto, ndiye tsiku limene mwabwereka ya m'bale wanu, dziwitsani a ku ofesi musanaimike.

Akakupatsani chomata, chimateni pagalasi pamene akuuzani, poti mlonda achione osachita kusuzumira.

Chimene ndimakonda kuuza ophunzira atsopano n'chakuti chilolezo sichikupatsani malo onse. Malo amagawidwa: ena ndi a aphunzitsi ndi ogwira ntchito, ena a ophunzira ogonera pasukulu, ena a oyendera, ena a alendo. Werengani chikwangwani cha polowera, makamaka maola ake, popeza malo ena oletsedwa masana amatsegulidwa madzulo.

Malo a anthu aulumali musaimikepo, ngakhale mukungothamangira kukasiya pepala. Mpata wojambulidwa mizere pambali pake uja ndi woti munthu atsegule chitseko chonse n'kutsitsa njinga yake. Mukautseka, mnzanuyo satsika. Njira ya galimoto zozimitsa moto nayonso isiyeni yotsegula.

Mukapeza kapepala ka chindapusa pagalasi, lipirani nthawi isanathe. Ngati mukuona kuti akulakwirani, jambulani pamene munaimika pamodzi ndi chikwangwanicho, n'kulemba kalata yodandaula. Makoleji ena salola wophunzira wangongole yotere kulembetsanso maphunziro mpaka atabweza.