Kaimidwe pa Thanki ya Madzi Yojambulidwa Zithunzi

Ife a ku Harare tikamapita ku Malawi kudzera msewu wa Nyamapanda, timangothamangira kumalire ngati kuti m'njiramo mulibe choona. Komatu mukaona thanki ya madzi ya pamudzi kapena ya pasukulu yojambulidwa zithunzi, ndi bwino kuima, makamaka ngati muli pa galimoto yanuyanu, popeza basi siyembekezera munthu.

Nyamukani m'mamawa kuti mukafike cha ku Murewa kapena ku Mutoko dzuwa lisanakwere, chifukwa kuwala kwa masana kumachititsa utoto kuoneka wotuwa. Imikani galimoto patali ndi mpopi, osatseka njira ya ngolo. Kenako perekani moni, ndipo mupemphe chilolezo kwa sabhuku, yemwe ndi nyakwawa ya kumeneko, kapena kwa mphunzitsi wamkulu. Amayi amene akutunga madzi musawajambule asanavomere, pakuti iwo abwera kudzagwira ntchito, osati kudzaonetsedwa.

Zungulirani thankiyo pang'onopang'ono, popeza khoma lake ndi lobulungira ndipo chithunzi sichioneka chonse mukaima mbali imodzi. Dzina la wojambula mulifunefune m'munsi, pafupi ndi paipi, pamene ndere zimayambira kudya utoto. Makwerero ake musakwerepo.