Mmene ndinathetsera vuto la nyimbo zokana kutseguka mu Audacity

Anzanga a kwaya ya ku Lizulu anajambula nyimbo zawo pa foni nkunditumizira kuti ndizikonze pa laputopu kunyumba kuno ku Ntcheu boma. Kuziika mu Audacity, pulogalamu yokonzera nyimbo, basi zikukana kutseguka. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ma file onse ndi a mtundu wotchedwa m4a, ndipo Audacity payokha siwerenga m4a pokhapokha utaikamo FFmpeg, pulogalamu yowonjezera yoithandiza kuwerenga ma file otere.

Bando inali itatsala pang'ono kutha ndiye m'malo mopanga download FFmpeg ndinangosintha mtundu wa ma file aja ndi VLC, pulogalamu yoonera mafilimu yomwe inalimo kale mu laputopu. Pa Media mupite pa Convert / Save, muike file yanu, pa Profile musankhe Audio - CD, imeneyo ndi imene imatulutsa WAV, file ya mawu yosafinyidwa, dzina lithere ndi .wav kenako Start. Zonse zinatseguka bwinobwino.

Ambiri amathamangira MP3 poti ndi yopepuka koma pokonza nyimbo ine ayi ndithu. m4a ndi yofinyidwa kale, ukaisinthira ku MP3 nkukonza nkusevanso MP3 ndiye kuti ulendo uliwonse mawu ena akutayika, masopulano aja amayamba kumveka ngati akuimbira m'chitini, zimandipweteka chifukwa anthuwa amaimba bwino zedi. WAV siibweza zomwe foni inataya kale koma siitayanso zina. Vuto lake ndi kukula, miniti imodzi imadya pafupifupi 10 MB ndiye flash yanu ikhale ndi malo.

MP3 ndinapanga kumapeto kwenikweni nditachotsa phokoso la mphepo, pa 192 kbps. Ndawauzanso kuti asamajambule ngati voice note, ajambule ndi recorder ya mufoni atumize pa WhatsApp ngati Document.