Netiweki ikamabwera n'kuthawa, chitani izi

Mwafunsa kuti kumudzi kwanu data imagwira pang'ono n'kuduka, ndiye mutumize bwanji uthenga pa WhatsApp.

Choyamba yang'anani chilembo chili pamwamba pa foni. E ndi 2G, yokwanira mauthenga olemba basi. H kapena H+ ndi 3G, pomwe LTE ndi 4G. Foni ikamadumphadumpha pakati pa zilembozi, data imaduka nthawi iliyonse ikusintha, ndipo batire limatha msanga. Lowani mu Settings, pa Mobile network, pa Preferred network type, musankhe 3G yokha kapena 2G yokha. Imeneyi ndiyo sitepe yomwe ambiri amaidumpha, koma ndiyo imathandiza kwambiri.

Kenako yatsani Airplane mode kwa masekondi 10 n'kuzimitsa, kuti foni isakenso nsanja ya netiweki yapafupi. Tulukani m'nyumba yamalata, mukwere pachulu kapena pamtunda.

Mu WhatsApp, pa Storage and data, zimitsani zoti zithunzi ndi mavidiyo azidzitsitsa okha. Uthenga ukaonetsa kawotchi, musautumizenso. Upita wokha netiweki ikabwera.

Ngati foni ndi ya masimu awiri, ikanimo Airtel ndi TNM, chifukwa nsanja zawo sizikhala pamodzi nthawi zonse. Za ndalama musadikire data: *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba zimagwira ngakhale pa 2G. Mukatumiza, dikirani SMS yotsimikizira musanabwereze, kuopa kulipira kawiri.