Nyamakazi ikamadya minofu: momwe mungatetezere mphamvu zanu kuno ku Chigwa cha Shire

Munthu wa nyamakazi akakwera pa sikelo ya kuchipatala n'kupeza makilogalamu omwe aja a chaka chatha, amatsikapo mtima uli m'malo. Koma kunyumba thupi likunena zina. Podzuka pamphasa mpaka agwire khoma, ndowa yomwe ankadzitwika yekha pamjigo tsopano mpaka adikire womutwika, kukwera kabaza ndi nkhondo. Chimene chachitika n'chakuti minofu yachepa, mafuta awonjezekera, ndipo sikelo sisiyanitsa ziwirizi.

Zimene zimadya minofuyo ndi zitatu. Choyamba ndi matendawo. Pa nyamakazi yotupitsa, yomwe madokotala amati rheumatoid arthritis, chitetezo cha m'thupi chimaukira molumikizana mafupa, ndipo kutupako kumafika m'thupi lonse kudzera m'magazi n'kumaphwanya minofu ngakhale munthu akudya bwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu 18 miliyoni padziko lonse anali ndi nyamakazi imeneyi, ndipo 70 mwa 100 alionse anali akazi. Chachiwiri ndi kukhala pansi chifukwa cha ululu. Chachitatu ndi mankhwala ena monga prednisolone akamwedwa nthawi yaitali. Zonse zitatu zili ndi pozigwirira.

1. Yambani mwadziwa mtundu wa nyamakazi yanu

Kumudzi chilichonse chophwanya mafupa timangoti nyamakazi, pomwe chithandizo chake n'chosiyana. Ngati zala ndi mikono ya mbali zonse ziwiri zimatupa, ndipo m'mawa mumauma kupitirira theka la ola kapena ola lathunthu, imeneyo ingakhale yotupitsa ija. Ngati ndi maondo kapena chiuno, ululu n'kumakula mukagwira ntchito n'kuchepa mukapuma, kawirikawiri ndi osteoarthritis, ya kuperepeseka kwa mafupa. Ngati chala chachikulu chakuphazi chimatupa usiku umodzi n'kufiira, osalola ngakhale nsalu kuchikhudza, ganizirani za gout. Wokuuzani zenizeni ndi wachipatala. Yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi, kapena cha boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, St Montfort ku Nchalo, Trinity ku Muona. Pakafunika akatswiri adzakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Buku lakuchipatala musalisiye, ndipo funsani ngati pali wa mafizo woti akuoneni.

2. Dziyezeni ndi mpando, chingwe ndi zala zanu

Pezani mpando wolimba wopanda zogwirira, muutsamiritse kukhoma. Khalani, pindani manja pachifuwa, kenako imirirani mowongoka ndi kukhalanso kasanu mofulumira mmene mungathere, mwana akuwerenga nthawi pa foni. Akatswiri a ku Ulaya oona za kuchepa kwa minofu anaika malire pa masekondi 15: mukapitirira pamenepo, kapena mukalephera kudzuka osagwirira, miyendo yafooka.

Muli chikhalire choncho, phazi lili pansi, lumikizani zala zazikulu ndi zamkombaphala za manja onse kupanga mkombero, muzungulize ponenepa pa katumba wa mwendo. Zala zikakumana n'kutsala mpata, katumba wachepa. Ngati zala zinapindika ndi matendawa, bwerekani tepi ya telala. Katumba wochepera masentimita 31 ndi chenjezo. Muyeze m'mawa, chifukwa mwendo wotupa umanamiza.

Za mafuta, dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pawiri, muzungulize pamimba cha pamchombo. Chikalephera kukumana, mafuta apamimba achuluka. Lembani zonsezi ndi tsiku lake kumapeto kwa buku lakuchipatala lija.

Mukamaonda msanga popanda chifukwa, n'kumatsokomola kapena kutuluka thukuta usiku, musathamangire kunena nyamakazi. Kayezetseni TB, HIV ndi shuga.

3. Konzani nkhani ya mankhwala

Ndikanakonda aliyense awerenge gawo ili kawiri. Mafizo sangapambane kutupa kumene sikukuchiritsidwa. Pa nyamakazi yotupitsa, mankhwala ogwira matendawo pamuzu ndi monga methotrexate, sulfasalazine ndi hydroxychloroquine, ndipo amatenga masabata angapo, nthawi zina miyezi iwiri kapena itatu, kuti munthu amve kusintha. Ambiri amawasiyira panjira poganiza kuti sakugwira. Methotrexate amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, ndipo amapita limodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid. Sayenera kwa mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati. Sagwirizananso ndi Bactrim: awiriwa akakumana angathe kuwononga magazi koopsa. Kuno anthu ambiri omwe ali pa ma ARV amalandiranso Bactrim, choncho nenani poyera kuti, "Adokotala, ine ndimamwanso awa," n'kutulutsa mapaketi onse pa tebulo.

Prednisolone ndiye wonyenga. Ululu umazizira m'masiku ochepa, chilakolako cha chakudya chimabwera, nkhope imadzaza, achibale n'kumati mayi achira, anenepa. Pansi pake ntchafu ndi mapewa zikuphwa, mafupa akufewa, shuga ndi BP zikukwera. Ali ndi ntchito yake dokotala akalemba mlingo ndi nthawi yake, koma osamagula nokha. Ndipo ngati mwamwa kwa masabata angapo musasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi lingafooke moika moyo pachiswe. Dokotala ndiye amachepetsa pang'onopang'ono.

Bulufeni, diclofenac ndi Indosidi amapha ululu ndithu, koma amayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa munthu amene watuluka thukuta tsiku lonse osamwa madzi okwanira. Musaphatikize awiri nthawi imodzi, musamwe m'mimba mulibe kanthu. Za mphini ndingonena izi: munthu amene ali pa mankhwala ochepetsa chitetezo, chilonda chaching'ono pabondo chimalowetsa matenda mosavuta.

4. Ipatseni minofu ntchito yoyezedwa

Ena anena kuti, "Ife timalima kudimba tsiku lonse, mafizo n'chiyaninso?" Kulima n'kuwerama maola ambiri, mfundo zomwezomwezo zikugunda pamodzimodzi. Kumatopetsa, komatu sikuti kumalimbitsa ntchafu ndi matako zomwe zimanyamula bondo ndi chiuno. Minofu imakula ikapatsidwa katundu wolemererapo pang'ono kuposa womwe inazolowera, kwa nthawi yochepa, kenako n'kupumitsidwa. Malangizo a WHO a 2020 amati masewero olimbitsa minofu azichitika masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ngakhale kwa odwala matenda okhalitsa. Sankhani masiku osatsatizana, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu.

Ofunika koposa onse ndi a mpando aja, koma tsopano modekha. Khalani cha kutsogolo kwa mpando, mapazi atalikirane ngati mapewa anu, zidendene zibwerere kumbuyo pang'ono kunsi kwa maondo. Weramirani kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala zakumapazi, kankhani pansi ndi zidendene, imirirani. Pobwerera musagwere pampando. Tsikani mukuwerenga mpaka zitatu, chifukwa potsika mpamene ntchafu imagwira ntchito yaikulu. Maondo asakumane pakati. Mpando ukakhala wotsika kwambiri ikanipo bulangete lopinda, mudzalichotsa mphamvu zikabwera. Chitani maulendo 8 mpaka 12, pumani mphindi ziwiri, bwerezani. Ngati lero mwakwanitsa anayi okha, yambirani pomwepo.

Tsiku lomwe bondo lakana mpando, gonani chagada pamphasa, kulungani chitenje muike kunsi kwa bondo. Kanikizani chitenjecho ndi bondo mpaka chidendene chinyamuke, gwirani masekondi asanu, masulani. Ikani dzanja pantchafu mumve mnofu ukuuma.

Otsalawo ndi osavuta. Gwirani khoma, nyamukani pa zala zakumapazi, tsikani modekha. Imani motalikira khoma pang'ono, yedzamirani ndi manja, dzikankheni kubwerera, ndipo ngati mikono ikupweteka gwiritsani zibakera kapena zigongono. Pitani kwa wokonza njinga mukapemphe chubu chakutha, muchichotse vavu, muchimange pamtengo kapena pamzati wa khonde mofanana ndi chifuwa chanu. Kolekani m'mikono ngati zala sizigwira bwino, kokani zigongono kumbuyo mpaka mapewa afinyane, bwezani pang'onopang'ono. Chionetsetseni chubucho kaye, chong'aluka chimathyapula kumaso. Botolo la madzi la lita imodzi limalemera kilogalamu imodzi, ndipo n'lokwanira kuyambira ponyamula ndi mikono. Zala zifinyeni pa kansalu konyowa ndi madzi ofunda.

Maulendo 12 akayamba kupepuka, onjezerani: gwirani botolo pachifuwa podzuka pampando, pindani chubu pawiri. Popanda kuwonjezera, minofu imaima pomwepo.

Nanga ululu? Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa. Koma mfundo ikamapweteka kuposa kale patatha maola awiri mutamaliza, kapena ikatupa, mwapyola muyezo. Ulendo wotsatira chepetsani ndi theka, musasiyiretu.

5. Idyani zomanga thupi katatu, osati madzulo okha

Nsima yamapira kapena yachimanga ndi masamba zimakhutitsa, koma minofu imamangidwa ndi zakudya zomanga thupi. Kwa munthu wachikulire akatswiri amalimbikitsa galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wa makilogalamu 60 afunika magalamu 60 mpaka 72. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, kapu ya mkaka 8, kapu ya khobwe, nandolo kapena nyemba zophika 11 mpaka 15, mtedza wodzaza dzanja 7, matemba ouma odzaza dzanja oposa 15. Tsiku likhoza kuyenda motere: phala lotsira nsinjiro ndi dzira m'mawa, khobwe masana, mlamba kapena makakana madzulo. Chigwa chino sichisowa zimenezi. Vuto ndi kagawidwe: nsomba ndi mazira zimapita kumsika, zotsala zimapita m'mbale ya bambo ndi ya ana, mayi wodwalayo n'kumatsuka nsima mumsuzi. Apabanja, mbale ya wodwala muiyang'ane.

Chitowe ndi sangowa (cham'mwamba) zimawonjezera zomanga thupi, ndipo matemba odyedwa ndi minga yomwe amalimbitsa mafupa, chinthu chofunika kwa amene ali pa prednisolone. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi uwiritseni nthawi zonse, chifukwa wosawiritsa ungakupatseni matenda ena ophwanyanso mafupa. Shuga wa mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera chepetsani, ngakhale tili pakati pa minda ya nzimbe. Amene ali ndi vuto la impso afunse kaye dokotala asanawonjezere zomanga thupi. Wa gout apewe zam'kati, mowa ndi kuchulutsa tinsomba ting'onoting'ono, koma nyemba, mazira ndi mkaka alibe nazo mlandu. Fodya amakulitsa nyamakazi yotupitsa ndipo amafooketsa mphamvu ya mankhwala.

6. Yendani, koma muziwerengera dzuwa lathu

Cholinga ndi mphindi 150 pa sabata, monga 30 masiku asanu, ndipo mukhoza kuziduladula khumikhumi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula kumapitirira madigiri 40, ndiye masana iwalani, muziyenda m'mamawa kapena madzulo. Ngati mumauma m'mawa, sambani madzi ofunda kaye kapena dikirani dzuwa lipendeke. Tengani botolo la madzi, ndipo mkodzo ukamadera dziwani kuti mukumwa ochepa. Wa lupus, matenda enanso omwe chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi n'kutupitsa mfundo, avale chipewa ndi zamanja aatali, dzuwa limadzutsa matenda ake. Njinga pamsewu wosalala ndi yabwino kwa maondo, chishalo chikhale chokwera. Malangizo akunja amatama masewero a m'madzi, koma mu Shire muli ng'ona ndipo m'zithaphwi muli likodzo, choncho amenewo si a kuno.

Pantchito sinthani pang'ono. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20 pakhosi ndi pamaondo: gawani pawiri kapena ikani panjinga. Kulungani mphira pampini wa khasu ndi pamthiko kuti zinenepe, zala zisamafinye kwambiri.

7. Masiku oipa

Matenda akabuka, mfundo yotupayo ipumitseni ku katundu, koma muziipinda ndi kuiwongola modekha kangapo patsiku, ndipo ziwalo zina zipitirize. Sabata imodzi yokha yogona imachotsa mphamvu zomwe zimatenga nthawi yaitali kubwerera. Nyengo ya madzi osefukira, monga tinaonera ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ikani mankhwala ndi buku mupulasitiki pamalo osavuta kutenga. Ngakhale kumsasa, khoma ndi chitenje zimapezeka.

Koma mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, yotentha, yofiira, thupi likutenthanso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mungakhale mafinya mkati. Chimodzimodzi chimbudzi chakuda ngati phula, kupuma movutikira, kapena zilonda zam'kamwa kwa amene ali pa methotrexate.

8. Bwererani kumpando

Pakatha masabata 12 yezaninso zonse zitatu, pampando womwewo ndi nthawi yomweyo ya tsiku. Mphamvu zimabwera msanga kuposa kukula kwa mnofu, choncho masekondi angatsike katumba asanasinthe. Ngati mwachita mokhulupirika koma masekondi akukwera, kapena mwayamba kugwa, tengani bukulo mukawaonetse achipatala manambala oyamba aja ndi atsopanowo, aunikenso mankhwala anu ndi kuyeza magazi.