Musapereke nthiti za bwato kwa funde pofika pa doko

Chiyambire mwera chaka chino, m'madoko a kwa Kachindamoto, kunsi kwa Mtakataka ndi Golomoti, chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Anthu apalasa usiku wonse bwinobwino, adutsa pakuya, ndiye bwato likudzagubuduzika doko likuoneka, pamadzi olekeza m'chifuwa, amayi ogula usipa akuonerera ali pamchenga. Mukafunsa, yankho ndi lomwelo: nyanja inakwiya. Nyanja inalidi ndi mafunde, koma mabwato ena anafika pa doko lomwelo m'mawa womwewo ali owuma. Amene anagubuduzika anasiya kupalasa pamalo pomwe mafunde amaswekera, bwato n'kupingasa, funde n'kulimenya m'nthiti.

Bwato lokumba n'lobulungira pansi, kukamwa kwake n'kopapatiza, ndipo opalasa amakhala pamwamba pa milomo yake, miyendo yokha ndiyo ili m'kati. Kulemera kwa anthu kuli m'mwamba. Bwato lotere funde likalipeza kumphuno kapena kumbuyo, limakwera n'kutsika popanda vuto chifukwa n'lalitali. Likalipeza m'mbali, palibe cholichirikiza, limangogudubuzika ngati chipika chimene linali lisanasemedwe.

Tsono gombe lathu kuno n'losaya, ndipo apa mpomwe ambiri saganizira. Funde lochokera pakuya limabwera lofatsa, lotambasuka. Likayamba kukhudza pansi, kunsi kwake kumachedwa pomwe pamwamba pakuthamangabe, limaima njo, kenako limasweka. Limaswekera pomwe kuya kwa madzi kwangoposa pang'ono msinkhu wake, choncho funde la mita imodzi likuswekerani pamadzi a m'chifuwa kapena m'khosi mwa munthu wamkulu. Awa ndi malo omwewo amene opalasa otopa amati tafika, wina akweza nkhafi, wina ayamba kupinda buluku, wakumbuyo akukuwira mnzake pamtunda kuti abweretse beseni. Funde limafika kumbuyo, limanyamula matako a bwato, mphuno imalowa m'madzi n'kuchedwa, kumbuyo kumathamanga kuposa kutsogolo ndipo bwato limazungulira lokha. Funde lachiwiri silichedwa. Limapeza nthiti zili poyera.

Katundu naye akuikidwa molakwika. Ukonde wonyowa, batire la nyali, nsomba, zonse zikuunjikidwa kutsogolo ati kuti wakumbuyo apeze potambasulira miyendo. Mphuno yolemera imamira msanga funde likakankha kumbuyo, ndiye kupingasa kuja kumachitika ngakhale wowongolera ali tcheru. Katundu wolemera malo ake ndi pakati, pansi penipeni, ndipo pobwerera kumtunda mafunde ali kumsana, msunthireni pang'ono chakumbuyo kuti mphuno ipepuke.

Nanga madzi a m'bwato? Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Madzi okwana ndowa ziwiri za malita 20 ndi makilogalamu 40, pafupifupi thumba la chimanga, koma thumba limakhala pomwe mwaliika pamene madzi amathamangira mbali imene bwato lapendekera n'kulipendeketsa kwambiri. Anthu amanena kuti tikakapa tikafika. Ayi ndithu. Madziwo akapidwe muli kuseri kwa mafunde osweka, bwato litaloza mphuno kumphepo, mmodzi akukapa wina akugwira bwato ndi nkhafi.

Zimandiwawa kuti zotayika pangozi zoterezi sizichepa ngakhale madzi ali osaya. Nsomba za usiku wonse zimabwerera m'nyanja. Batire ndi nyali zikamira, ulendo wa mawa lake wa kauni, usodzi wa usiku wa nyali, wafa, ndipo siginala, wokopa nsomba ndi nyaliyo, amakhala pamtunda kudikira ngongole ina. Foni yapita. Ukonde ukafunyululuka m'mafunde umakokera mchenga ndi zinyalala za bango, kuusoka kumadya masiku, ndipo ukakulunga mwendo wa munthu, madzi a m'chifuwa omwewo amapha. Bwato lodzaza madzi likakankhidwa ndi funde limalemera koopsa. Amene waima pakati pa bwato ndi mtunda limamuthyola mwendo kapena nthiti. Nalonso bwato likamenyetseka pansi limang'aluka motsata mtengo, ndipo mitengo ikuluikulu yosemera lina, ya mbawa kapena mlombwa, ikusowa masiku ano. Enanu mukuyendera mabwato a mango ndi nsangu okhala ndi zigamba za malata ndi phula, amene sapirira kumenyetsedwa kawiri.

Mlimi wina wa mpunga wa ku sikimu ya Bwanje, amene amasodzako akamaliza kukolola, nditanena izi pamsonkhano wa komiti ya pa doko anandiyankha kuti, "Alangizi, ife bambo athu ankafika pamchenga atakwera pamsana pa funde, osapalasa n'komwe. Inu mukufuna tiziopa madzi a m'mawondo?" Ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga nkhafi ya bambo anuwo inkakhala kuti?" Anaganiza pang'ono, kenako anaonetsa ndi manja: kumbuyo, m'madzi, itapanikizidwa kunthiti ya bwato. Eya, mkuluyo sankapalasa, koma ankawongolera mpaka mphuno itagunda mchenga. Ana atengera kukwera funde, nkhafi ija aisiya pamiyendo. Mlimiyu anali atataya matumba awiri a mpunga mwezi womwewo, atawakweza pamwamba pa milomo ya bwato m'malo mowagoneka pansi.

Kunena kuti makolo ankatero kwanditopetsa. Makolo ankayenda ndi mabwato aakulu a mitengo yokhwima, sankanyamula mabatire, ndipo mnyamata ankakhala zaka akupalasa kutsogolo asanapatsidwe mpando wakumbuyo. Lero mwini bwato akupereka kumbuyo kwa aliyense amene ali ndi mphamvu m'manja. Kumbuyo sikufuna mphamvu, kumafuna maso. Komanso doko limene munalidziwa kale silili chimodzimodzi: nyanja itakwera kwambiri mu 2024 madzi analowa m'minda ndi m'mabango, ndipo mitsinje monga Livulezi ndi Nadzipulu imatsitsa mchenga dzinja lililonse n'kusuntha milu ya pansi pamadzi. Pomwe funde linkaswekera kale sipomwe likuswekera lero.

Kafikidwe koyenera n'kotere. Imani kuseri kwa mzere woyera wa thovu, musalowe msanga. Mafunde amabwera m'magulu, akuluakulu angapo kenako ang'onoang'ono. Aloleni akuluwo adutse pansi panu, mukuwerenga, ndipo mulowe pambuyo pa lomaliza. Bwato liloze kumtunda mowongoka, funde likhale kumsana kwenikweni. Wakumbuyo ndiye amayang'ana m'mbuyo ndi kulamula, ena onse maso kutsogolo. Funde likakupezani musanafike, musalithawe: palasani chobwerera kawiri kapena katatu kuti lidutse pansi, kenako palasani mwamphamvu kulitsata pambuyo pake. Mphuno ikayamba kukhotera kumanja, wakumbuyo amize nkhafi kumanzere chakumbuyo, aigwire nji n'kuikankhira kunja. Ikakhotera kumanzere achite zomwezo kumanja. Kusinthasintha mbali mwamantha ndiko kumasiya nkhafi m'mwamba pa nthawi imene ikufunika m'madzi. Ngati bwato lapingasa kale ndipo funde lafika, weramirani kufundeko, nkhafi itagona chafulati pamwamba pa thovu, mukuitsamira. Thupi limafuna kuthawira kumtunda, ndipo kuthawira kumeneko n'kumene kumagubuduza bwato. Mphuno ikagunda mchenga, wakutsogolo atsike msanga, agwire mphuno n'kukoka funde lina lisanafike. Wina aliyense atsikire mbali ya kunyanja.

Pakuya lamulo n'lomweli. Mwera ukakupezani, musadule mafunde chopingasa pofuna njira yachidule yobwerera kwanu. Akumaneni chapambali pang'ono, madigiri 30 mpaka 45 kuchoka kumphuno, ngakhale zikutanthauza kukatsikira doko la eni ake n'kuyenda wapansi. Pofuna kutembenuka dikirani kampata ka mafunde ang'onoang'ono, mutembenuke mwachangu onse akupalasa.

Zina mwachidule. Chokapira chikhale chigubu cha malita 5 chodulidwa, chomangidwa ndi chingwe kubwato, ndipo pakhale nkhafi yapadera. Jekete yoyandamitsa ivalidwe, osati kukhalira. Popanda jekete, chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chotsekedwa bwino chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20 pamadzi, zokwanira kuti mutu ukhale pamwamba. Mukagubuduzika pakuya musasiye bwato n'kuyamba kusambira, makamaka miyezi yozizira ya June ndi July. Litembenuzeni, likankheni kutsogolo ndi kumbuyo kuti madzi ena akhavukire kunja, wopepuka alowe akape, ena atsatire mmodzimmodzi. Pakamwa pa mitsinje ndi m'mabango kumbukirani ng'ona ndi mvuu. Mverani machenjezo a mwera a nthambi yoona zanyengo pa wailesi, ndipo dzuwa lisanalowe uzani a komiti ya pa doko kuti mwapita angati, mbali iti. Eni mabwato, tsiku la mafunde ang'ono tengani anyamata anu, bwato lopanda katundu, akayeserere kulowa ndi kutuluka pamzere wa thovu mpaka wakumbuyo azolowere kusatulutsa nkhafi m'madzi.